Nkhoswe Yobweza Mawu

Mukamakwera phiri la Zomba, mutadutsa makona aja amene amakumbutsa alendo mapemphero omwe anasiya kalekale, pali malo amene msewu umawongoka pang'ono ngati nawonso ukupuma. Pamenepo, pansi pa mtengo wa paini, mupeza mayi Juliana Mulepa ndi timabasiketi tawo ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya. Akhalapo kuyambira nthawi imene mitengo m'phirimo inali yambiri kuposa misonkhano yokambirana za kutha kwa mitengo.

Anabadwira m'phiri momwemo, m'nyumba za antchito a zankhalango. Bambo awo ankabzala mitengo, amuna awo ankacheka matabwa, ndipo mayi Mulepa amati pakati pa amuna awiriwo boma silinapindule komanso silinaluze. Amuna awowo anamwalira ana adakali kupulayimale. Ana onse analeredwa ndi zipatso za m'mbali mwa msewu mpaka kukula, wina n'kukhala mphunzitsi, wina n'kupita ku Joni, wotsiriza n'kukwatiwa pa ukwati wa mpingo wokhala ndi keke yosanjikiza. Mayiwo sukulu analekera panjira, koma amatha kukana kutsitsa mtengo m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chizungu, wogula n'kuchoka akuthokoza.

Lachinayi sagulitsa, ngakhale kutaima basi yodzaza azungu anjala. Tsikulo amavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera n'kutsikira kutauni ku Mvano, gulu la amayi a mpingo wawo. Yunifolomu imeneyo anaivala ali mayi wa mwana mmodzi, ndipo anauza kale ana awo kuti tsiku lawo likadzakwana adzawaveke yomweyo. Ndiwonso oyambitsa nyimbo. Pamaliro anthu akamva mawu awo amakhala pansi, podziwa kuti mwambo wayamba, abusa afike asafike.

Mwana wa ku Joni uja anawatumizira foni yopanda mabatani, yongosisita ndi chala. Ntchito zake zinali ziwiri: kuyankha ikalira ndi kuonera zithunzi za adzukulu. Tsiku lina inagwera pamwala galasi n'kusweka, ndipo anapita nayo kumsika kwa Nickson wokonza mafoni, bambo wa ana awiri waulemu wake, amene amapereka moni ndi manja onse awiri. Foni inagona komweko. Mawa lake anakaitenga ili gwa, ndipo pa malipiro anamuwonjezera Nickson kabasiketi ka mabulosi koti akapatse ana.

Panadutsa miyezi. Kenako Lachinayi lina, vesi itangotha kuwerengedwa, mayi Loveness Chikopa a ku Matawale anaimirira foni ili m'manja.

"Amayi anzanga, ine ndili ndi nkhani, ndipo sinditchula munthu," anatero, maso ali pa mayi Mulepa.

Foniyo inali ya amuna awo. Inayenda m'manja mwa amayi benchi ndi benchi, ndipo paliponse pamene yafika pankamveka kuti "Iii!" Pa Fesibuku panali chithunzi cha mayi Mulepa atavala chipewa chachikulu cha pa ukwati wa mwana wawo, akumwetulira. Pansi pake panali dzina lakuti Julie wa ku Phiri, mayi wamasiye wofuna bambo woopa Mulungu. Ndiye panali mauthenga opita kwa bambo Chikopa. Julie ankadandaula kuti kuphiri kukuzizira, nkhungu yamukuta, dalo wake ali kutali, ndipo pomaliza pa uthenga uliwonse mayunitsi ankakhala atamuthera.

Foni itafika kwa eni nkhope, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhopeyi ndi yanga. Chipewachi ndinabwereka. Koma mawuwa sindikuwadziwa."

"Ndiye nkhope inalemba yokha?" anafunsa mayi Chikopa.

Amayi a cheya anachita zimene acheya onse amachita akaona moto: anaika komiti. Komiti inakumana pansi pa mtengo wa mango n'kubwera ndi mawu ofewa. Mu mpingo, monga m'boma, munthu sachotsedwa, amangopemphedwa kuti apume kaye. Mayi Mulepa anapemphedwa kuti apumitse yunifolomu mpaka nkhani itaoneka mutu wake. Amene adzauonetse mutuwo, komiti sinanene.

Anapinda bulauzi n'kuika m'sutikesi. Lachinayi lotsatira anatsikabe, atavala chitenje wamba, n'kukhala benchi yakumbuyo pamodzi ndi ophunzira kumene. Nyimbo anayambitsa mayi wina amene anaiyambira pamwamba kwambiri, moti pofika mzere wachiwiri amayi onse anali atatsalira m'munsi. Mayi Mulepa sanathandize. Anangoyang'ana denga.

Thandizo linabwera pa kabaza, litavala jekete. Anali a Gilson, mlongo wawo wamkulu wa ku Chikamveka. Monga mwini mbumba, a Gilson ndiwo oyenera kulandira nkhani zonse za mabanja a alongo awo, koma anali atakhala zaka zambiri opanda nkhani yoti alandire, ndipo zimenezi zinkawadandaulitsa. Tsikuli anatsika panjinga nkhope ikuwala.

"Achemwali, mwatibisira! Mpaka ife kumvera kwa alendo?"

"Ndakubisirani chiyani, achimwene?"

"Kwathu kwabwera ankhoswe. Anthu aulemu, ovula zipewa asanalowe pageti. Akuti tambala wawo waona thadzi kwathu kuno."

"Thadzi lake liti? Ana anga onse ali pabanja."

A Gilson anangowaloza ndi chibwano.

"Ineyo? Pa msinkhu uno? Achimwene, mwadya chiyani m'mawa?"

Tambalayo anali a Cuthbert Namaona, bambo wamasiye amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki m'boma. Anayamba ntchito Zomba idakali ndi kafungo ka likulu, ndipo anatulukamo ndi chikhulupiriro chimodzi: kanthu sikachitika mpaka katadutsa ku ofesi yoyenera. Nawonso anali atacheza ndi Julie wa ku Phiri. Amuna ena ankafunsa kuti tikumane kuti, Julie n'kumayankha kuti kuli maliro, kapena kuti mvula yatseka njira. A Namaona sanafunsepo zimenezo, chifukwa kukumana ndi mayi wa mpingo m'mbali mwa msewu si dongosolo. Ataona kuti mtima wawo watsimikiza, anatuma msuweni wawo kuti akafufuze mwini mbumba. Kufufuzako sikunavute. Aliyense amene anakwerapo phiri amaidziwa nkhopeyo.

Wakuba wa pafoni amakonzekera zambiri. Amakonzekera wokayikira, wokwiya, ngakhale wapolisi. Koma munthu wotuma ankhoswe sanamuganizire.

Mwambo salola kuti mwamuna ndi mkazi akhale nawo pa zokambirana zoyamba, koma a Gilson anaona kuti nkhaniyi yadutsa kale mwambo. Anawakhazika onse pakhonde pawo. A Namaona anavala magalasi n'kuwerenga mauthenga a Julie ndi mawu omwe ankawerengera malipoti a mvula.

"Bambo Namaona, imani kaye," anatero mayi Mulepa. "Malemu amuna anga anakhala nane zaka zonse zija osamvapo mawu akuti dalo. Akachita bwino ndinkangoti mwayesetsa."

A Namaona anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

"Ndiye kuti ndakhala ndikulemberana ndi ndani, mayi?"

"Chithunzi cha chipewachi chinali mufoni mwanga mokha. Ndipo foni yangayo ndi mwana wolongosoka. Inagonapo kunja kamodzi kokha."

Atatuwo anapita kumsika tsiku lomwelo. Nickson anawalandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse. A Namaona anangotulutsa foni yawo n'kuimba nambala ya Julie. M'dirowa ya pabenchi munayamba kulira nyimbo yauzimu.

"Ndi ya kasitomala imeneyo," anatero Nickson.

"Yankhani, achimwene," anatero a Namaona. "Kasitomalayo ndi bwenzi langa."

Kupolisi nkhani inalandiridwa bwino. Wapolisi wamkazi anawafotokozera kuti lamulo la milandu ya pa intaneti lilipo, lili ndi dzina lalitali, ndipo Nickson akhoza kukagwira ndende. Mlandu udzalowa m'khoti, udzaimitsidwa, udzalowanso, udzaimitsidwanso, monga mwa dongosolo, kenako chilungamo chidzaoneka.

"Akamangidwa, adzabwera ndani ku Mvano kudzanena kuti si ine?" anafunsa mayi Mulepa.

"Chigamulo chimawerengedwa m'khoti, amayi."

"Mayi Chikopa amapita kukhoti?"

Wapolisiyo anawayang'ana, n'kuseka pang'ono, n'kutenga foni kuimbira a Keith.

A Keith anali wa bungwe lina la galimoto yoyera, ndipo ntchito yawo inali kuphunzitsa chimene ankachitcha chilungamo choyanjanitsa. Tanthauzo lake n'lakuti wolakwa ndi wolakwiridwa amakhala pansi, wolakwa n'kumva ndi makutu ake zimene anawononga, wolakwiridwa n'kunena mmene zingakonzedwere. Mayi Mulepa atamva anafunsa ngati zimenezi zimafuna maphunziro. Zinkafuna ndithu. Bungwelo linali litaphunzitsa mafumu, apolisi, abusa, mashehe ndi atolankhani, onse m'malo ogona alendo a pamwamba pa phiri, galimoto yoyera ikudutsa timabasiketi ta mayi Mulepa osaima. Chimene chinkasowa chinali wolakwa ndi wolakwiridwa. Choncho a Keith atafika anagwira dzanja la mayiwo ngati munthu amene wapeza m'bale wake wosowa.

Msonkhano unachitikira m'kachipinda kena, mipando itaikidwa mozungulira, aliyense ndi botolo la madzi. Kukhoma anapachika chinsalu cha dzina la bungwe kuti chidzaoneke pachithunzi. Panali mayi Mulepa, a Gilson, a Namaona, wapolisi uja, ndi Nickson amene mkazi wake anakhala pambali pake osamuyang'ana. A Keith anatulutsa kampira kofiira n'kufotokoza kuti wolankhula ndi yekhayo amene wagwira kampirako. Anapatsa mayi Mulepa kuti ayambe. Kampirako sikanapitenso kwa munthu wina mpaka msonkhano kutha.

"Iwe Nickson, ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Mabulosi aja ana anadya?"

"Anadya, amayi."

"Mufoni muja munali zithunzi za atsikana, anzake a mwana wanga, osalala bwino. Unasankhiranji nkhalamba?"

Nickson anayang'ana kampira, poganiza kuti mwina lamulo limupulumutsa. A Keith anatsegula pakamwa. Mayi Mulepa anawayang'ana, ndipo a Keith anatsekanso.

"Ntchito inavuta, amayi. Masiku ano foni ikawonongeka anthu amangogula ina. Ndiye ndinayesa kaye ndi zithunzi za atsikana, koma amuna anachenjera, sawakhulupirira. Inuyo aliyense amakukhulupirirani."

"Ndiye unatenga chimenecho n'kumagulitsa."

"Eya, amayi."

"Ukudziwa kumene ndimakhala Lachinayi masiku ano? Kumbuyo, pafupi ndi tsache. Pamaliro a mnzanga amene ndinkasenza naye nkhuni tili atsikana, ndinaima kunja kwa mzere ngati mlendo wodzera fungo la ndiwo. Mdzukulu wanga anandifunsa kuti agogo, Julie ndi ndani."

Nickson analira. Mkazi wake anamupatsa botolo la madzi, akuyang'anabe kwina.

Apa a Keith anaona kuti nthawi ya chigamulo yakwana. Anapereka maganizo oti Nickson atseke tsamba la Julie, abweze mayunitsi kwa eni ake, ndipo alembe chipepeso pa Fesibuku pomwepo kuti dziko lonse lione.

"Tsamba atseke. Za mayunitsi akambirane ndi amene anatumiza, ine sindinadyeko," anatero mayi Mulepa. "Koma chipepeso cha pa Fesibuku awerenga ndani? Amene anandivula yunifolomu sali pa Fesibuku, bambo. Amene ali kumeneko ndi amuna awo."

Wapolisi anatsokomolera m'dzanja.

"Achimwene," mayiwo anatembenukira kwa a Gilson, "munthu wolankhula ndi mwamuna za banja m'malo mwa mkazi timamutcha ndani?"

"Nkhoswe."

"Nanga mkazi akakana, mawu amabweza ndani?"

"Nkhoswe yomweyo. Masana, itavala bwino, pakhomo pa mwamunayo. Imaodira, imakhala pansi, imapereka moni, kenako imanena."

"Basi. Uyu anadziika yekha unkhoswe wanga, ine osamutuma. Anayamba ntchito, aimalize. Aliyense amene anamulonjeza m'dzina langa, akamukane m'dzina langa. Inu achimwene mupite naye, asakadumphe nyumba."

A Gilson anakonza kolala ya jekete. Zaka zonse zodikira zija zinali zitalipidwa.

A Keith anakweza dzanja ngati mwana wasukulu, ndipo ananena chinthu chanzeru. Amuna amenewo nawonso anapusitsidwa, ena ndi apabanja, ndipo kuwafikira pakhomo akazi awo ali pomwepo kukhoza kupasula mabanja. Mayi Mulepa anatembenuza kampira m'manja, akuganiza.

"Mwanena zoona. Ine sindikufuna nyumba ya munthu igwe. Apabanja awapeze paokha. Koma kwa mayi Chikopa apite pakhomo penipeni, poti kumeneko nkhani inafika kale, anatsala ndi mwini nkhani."

Anagwirizana kuti mlandu uyembekezere. Nickson akamaliza ulendo wake utsekedwa, akathawa ulowa m'khoti. A Keith anajambula chithunzi, ndipo pobwerera ankang'ung'udza kuti sakudziwa kuti zimenezi akazitchula chiyani m'Chizungu.

Ulendo unayamba. Nickson anavala jekete ya pa ukwati wake, imene tsopano inkamuthina m'khwapa. A Gilson ankatsogola, kuodira, kufunsa za ana, za mvula ndi za mimba ya mwini nyumba, mpaka mwini nyumbayo kuyamba kuganiza kuti ndi andale. Kenako ankaloza Nickson, iye n'kugwada bondo limodzi.

"Bambo, Julie uja ndinali ine. Mayi Mulepa sakukudziwani. Akuti zikomo, koma ayi."

Ku Chinamwali anapeza a Hafiz, ogulitsa zipangizo za njinga, amene mkazi wawo anamwalira chaka chapitacho. Anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana Nickson kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako anaseka mpaka kugwira mimba.

"Ndiye ndimalota iweyo? Ndi ndevu zimenezi? Che Shamsu, tabwerani mudzaone mkazi wanga!"

Anaitana oyandikana nawo onse, anawiritsa tiyi, ndipo za mayunitsi anati zithe, bola Nickson awakonzere wailesi imene inasiya kulankhula.

Ku Chirunga anapeza bambo wina wophunzira kwambiri, wa mabuku mpaka kudenga. Iyeyu anakana zonse. Sadziwa Julie, sadziwa phiri, Fesibuku amangoimva. Anawaperekeza mwaulemu mpaka pageti, ndipo a Gilson atatsogola pang'ono, anakoka Nickson pajekete n'kumunong'oneza: "Koma ndakatulo zija, mmene unaziwerengera iweyo, zinali bwanji?"

Panalinso ena akutali, a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Amenewa anawakana pafoni, koma a Gilson analamula kuti jekete ivalidwebe, chifukwa ulemu sudalira kuti winayo akukuona.

Zomba ndi tauni yaing'ono. Posakhalitsa kunamveka kuti kuli anthu awiri a majekete amene akuyenda nyumba ndi nyumba kukana amuna. Zoti apabanja awapeza paokha, mphekesera inaiwala kunyamula. Ndiye amuna anayamba kubwera okha pabenchi ya Nickson kumsika, aliyense atanyamula foni yabwinobwino ngati yowonongeka. Amaima, amayang'ana uku ndi uku, amawerama.

"Achimwene, ndikanireni pompano. Kunyumba kuli agalu olusa."

Nickson ankavala jekete, kuwakana, iwo n'kuthokoza n'kuchoka mopepukidwa. Kunabweranso bambo wina amene Julie sanamulemberepo n'komwe, koma anati amukaniretu kuopera zamawa.

A Namaona analandira a Gilson ndi Nickson kunyumba kwawo ndi tiyi wa m'makapu a sosala, ndipo mawu okana anawamvera chilili, manja kumbuyo.

"Ndamva, ndipo ndalandira," anatero. "Zikuoneka kuti pempho langa linapita ku ofesi yolakwika. A Gilson, kodi ofesi yeniyeni imalandira anthu masiku ati?"

A Gilson anakwera nalo phiri funsolo tsiku lomwelo, polipira okha kabaza. Mayi Mulepa anamvetsera akusankha masitiroberi owola.

"Mukawauze kuti munthu wopanda yunifolomu sayankha za mabanja. Adikire."

"Ndiye kuti simunakane?"

"Achimwene, ndati adikire. Anagwira m'boma amene aja, kudikira amakudziwa."

Nyumba ya ku Matawale anaisiya komalizira, chifukwa Nickson ankaiopa kuposa ndende. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Mayi Chikopa anali atakonzeka. Anaitana amayi a cheya kuti akhale mboni, ndipo oyandikana nawo anadziitana okha, ena atanyamula mipando yawo. Iwo anakhala pampando wa ndalema pamthunzi. Bambo Chikopa anapatsidwa kabenchi padzuwa.

A Gilson atamaliza za mvula, Nickson anagwada n'kunena mawu ake. Mayi Chikopa sanagwedezeke.

"Aliyense akhoza kugulidwa kuti adzanene zimenezo. Ngati unali iwe, nena zimene unkalemba. Foni ili kwa ine, usaone."

Nickson anayamba, maso ali pansi: "Dalo wanga, kuno kukuzizira, nkhungu yandikuta ngati bulangeti lonyowa."

Mayi Chikopa ankatsatira ndi chala pafoni. Mawu ndi mawu, zinali zomwezo.

"Bambo a kuno, yankhani. Paja munayankha."

"Amayi a ana, pa anthu pano?"

"Polemba munali ndi manyazi?"

Bambo Chikopa anawerenga yankho lawo ndi mawu a munthu amene akuwerenga za matenda ake. Anali atalonjeza kuti adzakwera phiri wapansi atasenza bulangeti louma. Kumpanda kunamveka mayi wina akuti, "Amene aja? Ngakhale thumba la makala amatumira mwana!" Anthu anaseka mpaka amayi a cheya anabisa nkhope m'duku.

Mayi Chikopa okha sanaseke. Chala chawo chinali chitaima pa uthenga umodzi.

"Uwu unalembedwa tsiku la maliro a mayi busa akale, masana," anatero pang'onopang'ono. "Nthawi imeneyi tinali kumanda. Mayi Mulepa anali kutsogolo kwanga, manja onse awiri atanyamula nkhata ya maluwa."

Bambo Chikopa anaona ngati ndi mpata.

"Mwaona? Ine ndimangoyesa foni ngati ikutumiza."

"Inu khalani chete. Mlandu wanu sunayambe."

Zotsala zinayenda mwa dongosolo lake. Kupolisi anatseka mlandu. A Keith anaipezera njirayo dzina la Chizungu la mawu asanu, n'kuitanitsa msonkhano pamwamba pa phiri woti anthu akaphunzire, ndipo nthawi ino galimoto yoyera inaima n'kugula mabulosi. Nickson anakhala masiku angapo benchi ili mbee, anthu akuopa kumusiyira mafoni, mpaka mayi Mulepa anatsika ndi yawo imene inayamba kudya batire. Anakhala pambali pake nthawi yonse imene ankaikonza, maso ali pa zala zake, msika wonse ukuona. Kuyambira pamenepo Nickson anaika benchi yachiwiri, ndipo foni ya munthu amaikonza mwini wake ali pomwepo.

Koma komiti inali isanakumanenso, ndipo bulauzi inali m'sutikesi.

Lachitatu m'mawa, nkhungu isanachoke, kabaza anaima pansi pa mtengo wa paini. Anatsikapo mayi Chikopa atanyamula simbi ya makala.

"Mwadzuka bwanji, mayi Mulepa?"

"Ndadzuka, kaya inu amene mwakwera phiri popanda alawansi."

"Amayi a cheya akuti mawa muvale."

"Akutumani, kapena mwadzituma?"

Mayi Chikopa anasintha simbi kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Ndinapita kwawo n'kuwauza kuti komiti ikachedwa, nanenso ndivula yanga. Bulauzi ili kuti? Yakhalitsa m'sutikesi, iyenera kuti yakwinyika."

"Kusita ndimatha."

"Ndikudziwa. Koma anaikwinya ndine."

Mayi Mulepa anawayang'ana kanthawi, kenako anavundikira timabasiketi ndi chitenje n'kuuza mnzawo wogulitsa mbatata kuti awayang'anire. Awiriwo anakwera kanjira ka kunyumba. Anakoleza makala, anayala bulangeti patebulo, ndipo mayi Chikopa anayamba kusita. Kenako mwini nyumba anafunsa za bambo Chikopa.

"Alipo. Akutunga madzi, akusesa pabwalo, dzulo atsuka ndi mapoto. Anthu akuti ndawadyetsa mankhwala."

"Ndiye muwakhululukira liti?"

"Ndinawakhululukira kale mumtima. Koma ndiwauza akamaliza kukonza denga la bafa."

Anaseka onse, ndipo mayi Chikopa anayamba kutsanzira mmene amuna awo anawerengera za bulangeti louma, dzanja limodzi pachifuwa, lina m'mwamba. Mayi Mulepa anaseka mpaka kukhala pansi. Anasiya atamva fungo.

Simbi inali itaiwalika pabulauzi. Ataichotsa, m'munsi mwa msana munali chizindikiro chofiirira, chooneka bwino, mphuno ya simbi italoza kumwamba.

Mayi Chikopa anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndinayamba ndi dzina lanu, lero ndamaliza ndi bulauzi. Ndikagula ina, nditsika pompano."

Mayi Mulepa anainyamula, anaiyang'ana poyera, anaiyeza pathupi.

"Simutsika. Chitenje chibisa pamenepa. Koma mawa mukhale kumbuyo kwanga kwenikweni, ndipo chitenje chikamatsika muzindikoka."

"Tsiku lonse?"

"Mpaka pemphero lotsekera. Tsopano sitani manja ake, ndipo nthano za amuna anu muzinena simbi ili pansi."